Kugula kompyuta ya pa desiki yotsika mtengo imene ingadzakule nanu

Funso lake limabwera mofanana nthawi zonse: "Ndalama zanga n'zochepa. Ndigule kompyuta iti yoti ndizidzangowonjezera zida pang'onopang'ono ndikamapeza kangachepe?" Ndayankhapo pa foni, ndayankhapo nditaima panjira, ndajambulapo pakapepala mpaka cholembera kutha inki. Lero ndati ndilembe kamodzi basi, kuti wina akadzafunsanso ndidzangomupatsa awerenge yekha.

Tisanalowe m'manambala, gwirani mfundo imodzi, chifukwa zonse zikubwerazi zatsamira pa iyo. Zida za m'kompyuta zili m'magulu awiri. Pali zimene mungasinthe m'mphindi 10 muli ndi sikuludiraiva imodzi: RAM (moikamo ntchito imene kompyuta ikugwira pa nthawiyo), chosungira mafayilo, khadi la zithunzi. Ndiye pali zimene nthawi zina kuzisintha n'chimodzimodzi kugula kompyuta ina: motherboard (thabwa lolumikizirapo zida zonse), power supply (kabokosi kogawa magetsi), ndi bokosi lenilenilo. Wogulitsa amalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti "i7, 16GB, 1TB" chifukwa n'zimene zimakopa maso. Za gulu lachiwirilo amangoti zii. Komatu mpata wokulira uli kumeneko. Ngati muyenera kuumira, umirani pa zosinthikazo, osati pa maziko.

1. Lembani ntchito yake, ya lero ndi ya m'tsogolo

Tengani pepala mulipinde pakati. Mbali ina lembani zimene muzichita sabata yoyamba: kulemba makalata, kuwerengera ndalama, intaneti, maphunziro. Mbali inayo lembani zimene mtima ukulakalaka m'zaka ziwiri kapena zitatu: kudula mavidiyo, kujambula mapulani a nyumba, masewera, kukonza nyimbo. Mbali yoyamba ikuuzani zimene muyenera kulipira lero. Yachiwiri ikuuzani mipata imene iyenera kukhala yopanda kanthu m'bokosimo. Ngati pali masewera kapena mavidiyo, tsiku lina mudzafuna khadi la zithunzi, lija amati graphics card kapena GPU, ndipo mfundo ya nambala 6 m'munsimu ndi yanu kuposa wina aliyense. Ngati palibe, mwapepukidwa: RAM ndi SSD, chosungira mafayilo chachangu, zikukwanirani.

2. Sankhani bokosi lalikulu, ngakhale lisakhale lokongola

All-in-one ndi ija kompyuta yonse yabisala kuseri kwa sikirini. Pa desiki imakongola, koma m'kati mwake ndi laputopu yoimirira, ndipo sikirini ikafa zonse zafera limodzi. Isiyeni. Pali timabokosi tonyamulika ndi dzanja limodzi, totchedwa mini, micro kapena tiny. Timadya magetsi ochepa, tambiri timalola kusintha RAM ndi SSD, koma khadi la zithunzi lilibe polowa. Pali SFF, bokosi lopyapyala lija mumaliona m'maofesi, limene limalandira makhadi aafupi okha otchedwa low profile. Ndiye pali tower, bokosi loimirira, lalikulu, lodya malo pansi pa desiki. Limeneli ndiye lanu.

Motherboard, lomwe ndi thabwa lalikulu lamagetsi pamene zida zonse zimalumikizika, nayonso ili ndi misinkhu. ATX ndi ya mamilimita 305 kwa 244, microATX ndi 244 kwa 244, Mini-ITX ndi 170 kwa 170. Ine ndimakonda microATX kwa munthu wa thumba lochepa, chifukwa siikwera mtengo koma zambiri zimakhala ndi mipata 4 ya RAM. Mini-ITX ili ndi mipata 2 yokha ya RAM, ndipo kuchepa kwakeko mumachita kukulipira.

Za magetsi amitundumitundu othwanima kuseri kwa galasi, ndingoti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndaonapo mabokosi ambiri owala ngati nyenyezi ali ndi purosesa, ubongo wa kompyuta, ya zaka 10.

3. Funsani dzina lonse la purosesa, osati theka

"Ndi i7" si yankho. Limenelo ndi dzina la banja chabe, ndipo m'banjamo muli agogo ndi zidzukulu. Core i7-4770 inatuluka mu 2013. Core i3-12100 ya 2022 imaiposa liwiro ngakhale dzina lake likumveka laling'ono. Kuwerenga kwake n'kosavuta: pa manambala ali pambuyo pa kamzereko, chotsani atatu omaliza, chotsalacho ndiye m'badwo wake. i5-8500 ndi m'badwo wa 8, i5-12400 ndi wa 12. Ku AMD nambala yoyamba imakuuzani gulu: Ryzen 5 5600 ndi wa gulu la 5000.

M'badwo uli ndi ntchito chifukwa cha Windows. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 pamodzi ndi purosesa yosapitirira ukalamba: ku Intel kuyambira m'badwo wa 8, ku AMD kuyambira cha pa Ryzen 2000. Ndiye ngati mukuona makompyuta a m'badwo wa 4, wa 6 kapena wa 7 atsika mtengo modabwitsa, chifukwa chake n'chimenecho. Wokonda Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, angasangalale nawo, koma wofuna Windows asatsike pansi pa m'badwo wa 8.

Samalaninso chilembo cha kumapeto. Ku Intel, F amatanthauza kuti purosesayo ilibe mbali yotulutsa zithunzi. Popanda khadi lapadera, sikirini ingokhala bii. Ku AMD, pa magulu a 5000 kutsika m'munsi, imene ili ndi G, monga Ryzen 5 5600G, ndi imene imatulutsa zithunzi yokha. Kwa inu amene khadi mudzagula chaka chamawa, purosesa yotulutsa zithunzi yokha ndi imene ikulolani kuyamba ntchito lero.

Chomaliza pano ndi soketi, kanthu kaja purosesa imakhalapo pa motherboard. Soketi ndi imene imanena mapurosesa amene mudzathe kuikapo m'tsogolo. AM4 ya AMD inayamba mu 2016 ndipo yanyamula ma Ryzen kuyambira gulu la 1000 mpaka 5000. Motherboard ya B450 kapena B550 mungaiyambe ndi purosesa yofooka n'kudzaikapo yamphamvu kwambiri osasintha china. AM5 inabwera mu 2022, imafuna RAM ya DDR5 yokha, ndipo ndi imene njira yake ikadali yaitali kutsogolo, koma polowera pake mpokwera. LGA1700 ya Intel imatenga mibadwo ya 12, 13 ndi 14. LGA1200 imatenga 10 ndi 11. Msampha uli pa LGA1151: dzina ndi limodzi, koma motherboard ya m'badwo wa 6 ndi 7 silandira purosesa ya m'badwo wa 8 ndi 9, ngakhale ikhale bwinobwino pa soketipo. Mutandifunsa ine, wa ndalama zochepa ayang'ane AM4 kapena LGA1700. Zonse ziwiri zafika kumapeto kwa mzere wake, inde, koma mapurosesa ake akuluakulu alipo ambiri ogwiritsidwapo kale.

4. Yatsopano, yochokera mu ofesi, kapena yolumikiza

Makampani akuluakulu amasintha makompyuta awo pakapita zaka zingapo, ndipo akalewo amagulitsidwa ambirimbiri: Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi ProDesk, Lenovo ThinkCentre. Ndi olimba, saphokosera, ndipo pa ntchito za mu ofesi palibe chowaposa pa mtengo wake. Kungoti anapangidwira kukhala pa desiki ya kalaliki, osati kukula. Ambiri mwa iwo ali ndi motherboard ndi power supply zopangidwa mwa mtundu wawowawo.

Njira ina ndi kusankha zida nokha, chimodzichimodzi, n'kulumikiza kapena kupatsa mmisiri alumikize. Poyamba mumalipira mokwererako, koma chida chilichonse chimakhala cha muyezo wodziwika ndipo chimasinthika. Zatsopano za m'sitolo zili pakatikati. Zina ndi za muyezo, zina ayi, ndipo simungadziwe musanatsegule.

5. Werengani mipata ya RAM ndi ya chosungira

RAM ndi timatabwa tating'ono titalitali timene kompyuta imaikamo ntchito imene ikugwira pa nthawiyo. Funso si lakuti "ili ndi RAM yochuluka bwanji" lokha, koma "yadzaza mipata ingati". Kompyuta ya 8GB pa kathabwa kamodzi, mipata itatu ili pululu, ndi yabwino kuposa ya 8GB yogawidwa pa timatabwa tinayi ta 2GB, chifukwa yachiwiriyo podzawonjezera mudzayamba mwataya zimene munalipira. Yambani ndi 8GB ngati thumba lakana, koma cholinga chikhale 16GB. Timatabwa tiwiri tofanana timathamanga kuposa kamodzi, chifukwa kompyuta imawerenga mbali ziwiri nthawi imodzi. Amisiri amati dual channel.

DDR3, DDR4 ndi DDR5 sizilowana. Kampata kodulidwa pa mano ake kali pa malo osiyana mwadala, ndiye musakakamize. Ma motherboard a LGA1700 alipo a DDR4 ndipo alipo a DDR5, choncho werengani musanagule. Komanso RAM ya laputopu ndi ya timabokosi ting'onoting'ono tija, yotchedwa SO-DIMM, ndi yaifupi, singalowe mu tower wamba.

Pa chosungira, musakopeke ndi "1TB" musanafunse mtundu. Hard disk yakale ili ndi timbale tozungulira m'kati, ndipo ndi imene imachititsa kompyuta kuyaka ngati ikudzuka kutulo. SSD ilibe chozungulira. SSD ya 256GB imakupatsani kompyuta yachangu kuposa hard disk ya 1TB. SSD yolumikiza ndi nthambo ya SATA imafika cha m'ma 550MB pa sekondi. Ya NVMe, kathabwa kakang'ono kolowa pa mpata wotchedwa M.2, imafika cha m'ma 3500MB pa sekondi ngakhale pa ma motherboard akaleko. Mukaona 2280 pa dzina lake, ndi muyezo chabe: mamilimita 22 m'lifupi, 80 m'litali. Onetsetsani kuti mpata wa M.2 ulipo, ndipo funsani ngati umalandira NVMe, chifukwa ina imalandira SATA yokha. Werenganinso mabowo a SATA otsala, ndi malo omangirirapo disk yachiwiri.

6. Tsegulani bokosi muone za magetsi

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene ndalama za anthu zimathera. Inenso ndinapsapo. Ndinagula tower yochokera mu ofesi, yaukhondo, purosesa yabwino. Dzina la kampani yake ndilisunga. Patapita miyezi ndinagula khadi la zithunzi. Nditatsegula, nthambo yolipatsa magetsi munalibe. Ndinati palibe kanthu, ndigula power supply ina. Ndinabwera nayo, ndipo pulagi yake yaikulu inalibe polowa: pa motherboard panali kabowo ka mapini 8 pamene ine ndanyamula pulagi ya mapini 24. Ngakhale mabowo a zomangira kumbuyo kwa bokosi sanagwirizane. Ndinakhala pansi, khadi kudzanja lino, power supply kudzanja linalo, kompyuta ili yasaa pamaso panga. Zonsezo ndikanaziona m'mphindi ziwiri tsiku logula.

Ndiye uzani wogulitsa mwaulemu kuti atsegule mbali ya bokosi. Ndi tizomangira tiwiri kapena kachogwirira kamodzi. Akakana, mwamva kale yankho. Ngati mukugula muli kutali, pemphani zithunzi zitatu zooneka bwino: chikwangwani chomatidwa pa power supply, motherboard yonse, ndi kumbuyo kwa bokosi. Musanalowetse dzanja, zulani nthambo kukhoma ndipo gwirani chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwanu atuluke.

Yambani ndi chikwangwani. Power supply ndi kabokosi kachitsulo kamene nthambo ya kukhoma imalowamo, ndipo kamagawira chida chilichonse magetsi. Nambala yaikulu, kaya 500W, musaikhulupirire msanga. Funani mzere wolembedwa +12V, chifukwa purosesa ndi khadi la zithunzi zimamwa pamenepo. Pansi pake pali nambala ya A. Chulukitsani ziwirizo. Ngati palembedwa 18A, ndiye 12 kuchulukitsa ndi 18 ndi mawati 216. Imeneyo ndiye mphamvu yeniyeni, kaya pamwamba alemba 500 kaya 600. Power supply yabwino, mzere wa +12V umayandikira nambala yaikuluyo. Chizindikiro cha 80 Plus chimatanthauza kuti siitaya magetsi ambiri ngati kutentha. Si umboni wokwanira wa kulimba, koma chikasowa, dzina la wopanga n'kusowanso, ndipo poinyamula n'kumapepuka ngati chitini chopanda kanthu, muziiona ngati yoti mudzasinthe. Power supply yoipa siifa yokha, imatenga anzake. Ndipo kabokosi kameneko musamakatsegule konse, chifukwa m'kati mumatsalira magetsi oopsa ngakhale mutazula nthambo.

Tsatirani nthambo tsopano. Mtolo waukulu kwambiri ukafike pa pulagi yaitali ya mapini 24, mizere iwiri ya 12. Mukaona imeneyo, pumani: power supply iliyonse ya muyezo wa ATX idzalowa. Mukaona kapulagi ka mapini 6 kapena 8 m'malo mwake, dziwani kuti mwamangidwa kwa wopangayo. Tinthambo tosinthira timapezeka, koma kalikonse n'ka mtundu umodzi wa kompyuta, ndipo kolakwika kamaotcha motherboard. Yang'ananinso maonekedwe: ya muyezo ndi ya mamilimita 150 m'lifupi ndi 86 msinkhu, yomangidwa ndi zomangira 4 kumbuyo. Yaitali yopyapyala ngati njerwa yodulidwa pakati si ya muyezo umenewo.

Kenako funani nthambo yolendewera, yosalumikizidwa paliponse, ya mapini 6 kapena 8, kawirikawiri yolembedwa PCI-E. Imeneyo ndi ya khadi la zithunzi. Mpata wautali wa pa motherboard pamene khadilo limalowa, wotchedwa PCIe x16, umapereka mawati 75 okha. Pulagi ya mapini 6 imawonjezera 75, ya mapini 8 imawonjezera 150. Chenjerani: pafupi ndi purosesa palinso pulagi ya mapini 4 kapena 8 yofanana nayo maonekedwe, koma mawaya ake anayalidwa mosiyana. Ikamakana kulowa, ili ndi chifukwa. Ndipo wina akakuuzani kuti mugule kanthambo kotenga magetsi pa pulagi ya SATA kupititsa ku khadi, kanani. Pulagi ya SATA inapangidwira mawati 54 okha pa mzere wa 12V, ndipo ndaonapo zingapo zitasungunuka n'kuda ngati makala.

Ngati mwaikonda ndithu kompyuta ya mu ofesi ija, sikuti zonse zatha, bola mudziwe denga lake. Alipo makhadi amene amakhutira ndi magetsi a pa mpata okha: Radeon RX 6400, GeForce RTX 3050 ya 6GB, ndi mitundu ina ya GTX 1650. Pamenepo ndiye polekezera panu. Ngati maloto a pa pepala lija akupitirira apo, siyani.

Tulutsani rula. Yezani kuchokera kumbuyo kwa bokosi, motsatira mpata wa PCIe, mpaka chitsulo choyamba chotchinga, kawirikawiri khola la ma disk. Makhadi alipo a mamilimita 170, alipo opitirira 300, ndipo ambiri ndi onenepa moti amadya mipata iwiri. Lembani muyezowo pa pepala lanu lija. Zungulirani kumbuyo muone pamene pali mabowo a USB ndi a sikirini. Ngati ali pa kachitsulo kamakona anayi kochoka, motherboard ina ya muyezo, bola ya msinkhu woyenera bokosilo, idzakwanamo. Ngati mabowowo anaboola pa bokosi lenilenilo, bokosi ndi motherboard anakwatirana mpaka imfa.

Musanatseke, nunkhizani. Fungo la kupsa silibisika. Yang'anani timigolo ting'onoting'ono ta pa motherboard: pamwamba pake pazikhala pafulati, kotupa kapena kotuluka dzimbiri n'kodwala. Fumbi lokha lisakuopseni, limachoka.

7. Iyatseni pamaso panu

Zolembedwa pa bokosi si umboni. Poyatsa, dinani Del, F2 kapena F10 mulowe mu BIOS, kapulogalamu ka pa motherboard kamene kamayamba Windows isanatseguke. Ikafunsa mawu achinsinsi amene wogulitsa sakuwadziwa, imeneyo idzakuvutitsani. Mu Windows, dinani Ctrl, Shift ndi Esc limodzi, pitani pa Performance. Pamenepo muona dzina lonse la purosesa, mtundu wa disk, ndi mipata ya RAM imene yadzaza. Dinani batani la Windows ndi R, lembani msinfo32 muone dzina la motherboard, kenako tpm.msc muone ngati TPM ndi 2.0. Ndi dzina la motherboard limenelo, pezani buku lake kwa wopanga: limanena RAM yochuluka imene ingalandire ndi mndandanda wa mapurosesa ovomerezeka.

Nyamulani pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo pa fulashi. Imaonetsa maola amene disk yagwira ntchito ndi thanzi lake. Ikalemba Caution, disk imeneyo isawerengedwe pa mtengo. Lowetsani fulashiyo pa bowo lililonse la USB, kutsogolo ndi kumbuyo. Siyani vidiyo izisewera kwa theka la ola uku mukucheza ndi wogulitsa, khutu lili ku mafani. Onani ngati Windows yake ndi yovomerezeka. Tsiku ndi nthawi zikamasokonekera, musadandaule, ndi kabatire ka pa motherboard kotchedwa CR2032 kokha. Ndipo masiku amene mungaibweze alembedwe pa risiti, osati pakamwa.

8. Kuwonjezera kuli ndi ndondomeko yake

Choyamba SSD, ngati inabwera ndi hard disk. Palibe kusintha kwina kumene mudzakumve m'manja ngati kumeneku. Chachiwiri RAM, yofanana mtundu ndi liwiro ndi imene ilimo. Pa motherboard ya mipata 4, timatabwa tiwiri nthawi zambiri timakhala pa mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku purosesa, koma buku lake litsimikize. Chachitatu power supply, kenako khadi la zithunzi, osati mosemphanitsa. Mukaika khadi, kumbukirani kusamutsa nthambo ya sikirini kuchoka pa motherboard kupita pa khadilo; anthu ambiri andiimbirapo kuti khadi latsopano silikugwira ntchito, vuto lili pomwepo.

Purosesa ikhale yomaliza. Musanachotse yakale, ikani BIOS yatsopano kuchokera kwa wopanga motherboard, chifukwa motherboard yakale siidziwa purosesa yobadwa pambuyo pake, ndipo zambiri sizilola kuika BIOS popanda purosesa imene zikuidziwa. Magetsi asazime ntchito imeneyo ili m'kati. Yakaleyo musaigulitse mpaka yatsopano itayaka n'kugwira ntchito sabata yathunthu.

Ndipo tsiku logulalo, musanachoke, yang'anani pa mpata wa M.2 ngati kachomangira kake kalipo. N'kakang'ono ngati njere ya mchenga waukulu, SSD yatsopano nthawi zambiri siibwera nako, ndipo wogulitsa amakhala nato tambiri m'kabati. Pemphani kamodzi mukamangirire pomwepo.